Duku Lofulumira

Ukatsika kombi pamashopu a ku Chipadze n'kulowa kanjira kodutsa kuseri kwa butchala, umayamba wamva makina usanaone mwiniwake. Ndi makina akale opalasa ndi mapazi, olira ngati akudandaula, koma sanayambe akanapo ntchito. Mwiniwakeyo ndi mayi Emily Kamwendo, mayi wamfupi wa zaka 58, tepi ili m'khosi, mapini ali pakamwa, moti ukawapatsa moni amayamba ayankha ndi mutu. Amene amawadziwa bwino amangoti amake Beverly.

Anabadwira m'komboni ya mgodi, kunja pang'ono kwa tawuni ya Bindura. Bambo awo anachoka ku Ntcheu ali mnyamata, ati akangopeza njinga ndi bulangete abwerera. Njingayo anaipezadi, anapezanso mkazi ndi ana asanu ndi awiri, ndipo ku Ntcheu kunangotsala m'nkhani. Mayi awo ndiwo anali telala wa m'komboni monse. Miyendo itayamba kuwatupa, Emily ankakhala pansi pa tebulo n'kumapalasa makinawo ndi manja, mayi akuwongolera nsalu pamwamba. Ndiye ntchito anaiphunzira chozondoka, kuyambira kunsi, ndipo mpaka lero makina akangosintha kaliridwe amadziwa kuti ulusi wakola asanayang'ane n'komwe.

Madiresi anasiya kale kuwadalira, chifukwa zovala za kaunjika, zimene kuno amati mabhero, zinapha msika umenewo. Mayunifomu a sukulu amabwera mu Januwale n'kuzimiririka. Maovolosi a anyamata okumba golide amabwera nthawi iliyonse, ong'ambika m'mawondo ndi m'matako. Koma ntchito imene mtima wawo uli, imene inawapatsa dzina, ndi yunifomu ya amayi a Chigwirizano a mpingo umene makolo anabwera nawo kuchokera ku Malawi: bulauzi yoyera, siketi yakuda ndi duku loyera.

Yunifomuyi ili ndi mwambo wake, ndipo amene sakuudziwa sangamvetse zimene zinawaonekera mayi Emily. Mayi wofuna kulowa m'Chigwirizano amayamba waphunzira, nthawi zina zaka. Akayenera, amavekedwa pamaso pa mpingo tsiku Lamulungu. Zovala zimabwera zitakulungidwa m'pepala, abusa amazipempherera, kenako amayi akuluakulu amamuveka. Tsikulo lisanafike, munthu saoneka atavala yunifomu. Kwa telala amayesa ndithu, pakuti telala si mneneri, koma amayesera kuseri kwa katani, chovala chimodzi pa nthawi, ndipo duku siliyesedwa. Duku lilinso ndi saizi ngati? Mayi Emily anavekedwa zaka makumi atatu zapitazo, choncho zonsezi ankazidziwa ngati dzina lawo.

Kale sankafunika kuitanira malonda. Pakhomo la tchalitchi la m'komboni ndi pamene panali chikwangwani chawo: mayi akangoona kolala ya mnzake, ankafunsa, n'kuuzidwa kuti ndi manja a amake Beverly. Koma mgodi utayamba kuchotsa anthu, komboni inabalalika. Ena anapita ku Wadzanai ku Shamva, ena anakapempha malo ku Masembura, ena ku Harare, ena mpaka ku Joni. Mipando yakutsogolo kwa makina inayamba kukhala tsiku lonse yopanda munthu, ndipo mayi Emily anayamba kuda nkhawa, ngakhale sankanena.

Amene anaziona ndi Beverly, mwana wawo woyamba, amene amagwira ntchito muofesi ya inshuwalansi m'tawuni. Beverly amapemphera ku mpingo wa m'holo, wa magitala ndi zokuzira mawu, ndipo Chichewa amachimva chonse koma akamalankhula amachithira Chishona ngati mchere.

"Mhamha, anthu anu sanafe ayi, ali mufoni," anatero tsiku lina atabwera ndi buledi. "Saka tiwatsatire komweko."

"M'foni ndili kale," anayankha mayi Emily. "Suja ndili pa Watsapu, pagulu la maliro ndi la Chigwirizano?"

"Watsapu ndi ya anthu amene mukuwadziwa kale. Kuli Fesibuku, kuli Insitagiramu, kuli Tikitoki. Kumeneko ndiye kuli anthu."

"Nanga mwa zonsezi yabwino ndi iti?"

"Zonse, mhamha. Tingotsegula zonse."

Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa, koma mayi ndi mwana wake anatenga anayi. Ya Insitagiramu inafa isanakwawe. Tsamba la pa Fesibuku linakondedwa ndi anthu 61, theka lawo a kuofesi kwa Beverly, kuphatikizapo bambo wina wa ku Kadoma amene ankalemba kuti "imarii?" pansi pa chithunzi chilichonse, ngakhale cha makina osokera omwe, ndipo akauzidwa mtengo ankangoti zii. Pa Tikitoki, Beverly ankaikapo timakanema ta manja a mayi ake akudula nsalu, ndipo owatsatira anakwana 43 n'kuima pomwepo. Mayi Emily sanadandaule. Ankangoona ngati ndi masewera a mwana amene akufunira mayi ake zabwino, ndipo zinalidi choncho.

Ndiye kunabwera Shuvai. Shuvai ndi mwana wa ku Masembura, Mshona weniweni, amene anakwatiwa ndi Aleck Mbewe, mnyamata wogwira ntchito pamgodi wa golide ku Shamva. Atangolowa m'banjamo n'kuyamba kupita ku mpingo wa apongozi ake ku Wadzanai, sankadziwa ngakhale liwu limodzi la Chichewa. Ankaimba nyimbo za m'buku akutsatira milomo ya anzake, ndipo amayi ena ankatsinana akamamva mmene ankatchulira mawu. Iye sanafooke. Anakhala m'kalasi la Chigwirizano zaka zitatu. Chaka chachiwiri akanavekedwa, koma tsiku lofunsidwa mafunso linamupeza ali kuchipatala kochira mwana wake Tino, ndiye anzake anavala iye n'kutsala. Ulendo uno dzina lake linali litawerengedwa kale m'tchalitchi. Anabwera kudzayesa Loweruka, kutatsala masiku asanu ndi atatu.

Mayi Emily anaisoka bulauziyo ndi nsalu yomaliza ya mpukutu umene anausunga zaka zambiri, nsalu yofewa imene masiku ano sioneka. Poyesa, anamasula pang'ono m'khwapa, anabweza m'chiuno, ndipo kolala inagona paphewa ngati inabadwira pomwepo. Iwo eni anadziwa kuti chaka chimenecho sanasokepo ina yoposa imeneyi. Shuvai anaima pagalasi nthawi yaitali, kenako analankhula motsitsa mawu.

"Amai, ndapota, chonde. Ndingodziona kamodzi chete, kamodzi kokha, zonse pamodzi."

Apa mpamene mayi Emily anayenera kukana, ndipo ankadziwa. Koma anamumvera chisoni mtsikanayo chifukwa cha zaka zitatu zija, komanso tisabise, ankafuna kuona ntchito ya manja awo itakwanira. Anamupatsa siketi, anatenga duku, n'kumumanga ndi manja awo. Shuvai atadziona, maso ake anadzaza misozi.

Katani inasuntha, Beverly n'kusuzumira. "Haa, mwachena, vakoma Shuvai! Mhamha, iyi ndiye yofunika pa Tikitoki, osati manja okhaokha aja."

"Aona ndani?" anafunsa mayi Emily.

"Otitsatira. Ndi 43 chete, basi."

Mayi Emily anawerengera mumtima kuti anthu 43 amenewo ndi anzake a Beverly a kumpingo wa magitala, ndipo palibe mmodzi wa Chigwirizano. Iwo zimene ankadziwa ndi za pa Watsapu, kuti amene alibe nambala yako saona zako, ndipo ankaganiza kuti mafoni onse ali ndi ulemu womwewo. Beverly naye sananame. Kungoti kumpingo kwake chovala ndi chovala basi, ndipo sanaganize zofotokoza kuti Tikitoki imatenga kanema n'kumuponyera aliyense, womudziwa ndi wosamudziwa yemwe. Shuvai atafunsidwa anangoseka mwamanyazi, n'kutembenuka kawiri kuti siketi ioneke. Beverly anaikapo kanyimbo kovinika n'kutumiza.

Pofika Lolemba masana, kanemayo anali ataonedwa ndi anthu oposa 40,000. Beverly anathawa kuofesi nthawi ya nkhomaliro kudzaonetsa mayi ake, akuwefuka ndi chimwemwe. Ena analemba kuti mtsikanayo ndi wokongola, ena anafunsa ngati ali pabanja. Anyamata ena opanga makanema a nthabwala anafunsa mtengo wa mayunifomu asanu a saizi ya amuna, ati akufuna kusewera amayi a kutchalitchi akukangana. Mayi Emily atamva zimenezo anasiya kupalasa makina. Anafunsa funso lomwe lija, koma tsopano ndi mawu ena.

"Iwe Beverly, anthu onsewa nambala yathu aitenga kuti?"

Yankho lenileni linafika Lachiwiri m'mawa, mu uthenga wa mawu wochokera kwa amake Enoki, mkhalapampando wa Chigwirizano cha ku Wadzanai. Amake Enoki anagwira ntchito zaka zambiri pachipatala cha pamgodi, ndipo lilime lawo amaligwiritsa ntchito ngati jakisoni: silichedwa, koma umalimva. Ndi mayi Emily anakulira komboni imodzi. Kanemayo anawapeza kudzera kwa mlamu wawo wa ku Joni, ndiye kuti anayenda ulendo wonsewo n'kubwerera, chonsecho kuchoka ku Bindura kufika ku Shamva ndi ulendo wosakwana ola.

"Amake Beverly, ndine amake Enoki. Ndaona mwatipeputsira ntchito, muroora wathu, mpongozi wathu Shuvai, mwamuveka kale. Ndiye abusa tiwauze asavutike Lamulungu? Lachinayi tikuonani kuno."

Beverly anafufuta kanemayo nthawi yomweyo, koma madzi akatayika saoleka. Anthu anali atamukopera kale m'mafoni mwawo, ndipo anali akuzungulira m'magulu a Watsapu omwe aja amene mayi Emily ankawayesa otetezeka. Mayi Emily anaimbira Shuvai kanayi, osayankha. Kachisanu anayankha Aleck, mwaulemu koma mouma, n'kunena kuti mkazi wake sakudya chiyambire dzulo, ndipo amayi ena akuti adikirenso chaka. Mayi Emily anachita manyazi amene sanawachitepo chibadwire. Za dzina lawo sankaziganizira kwambiri. Chimene chinkawapweteka n'chakuti mwana wa eni, amene anaphunzira chilankhulo chachilendo kuti aime pakati pa amayi amenewa, akhoza kubwezedwanso pakhomo penipeni chifukwa cha duku limene anamanga ndi iwo.

Lachinayi anavala yunifomu yawo, imene tsiku limenelo inkawalemera, n'kukwera kombi ya ku Shamva. M'tchalitchi cha ku Wadzanai munali amayi pafupifupi makumi atatu, onse oyera kumutu. Shuvai anakhala pabenchi yakumbuyo ya osavekedwa, atavala diresi ya masiku onse, maso ali pansi. Itatha nyimbo ndi pemphero, amake Enoki anaika nkhaniyo poyera mosazungulira.

Mayi wina wa kuchigayo anati mwambo ndi mwambo, ndipo iwo anadikira zaka zinayi popanda kuvina pafoni. Wina anati akalekerera lero, mawa atsikana azidzajambulitsa ndi yunifomu m'mabala. Panalinso amene anati mwanayo ndi mlendo, sankadziwa, koma anayankhidwa kuti zaka zitatu za kalasi si ulendo wa mlendo. Amake Enoki anawasiya onse kuti alankhule, kenako anaitana Shuvai.

Shuvai anaimirira, n'kulankhula m'Chichewa chake chosamala, liwu limodzi limodzi. "Ndine ndinapempha, amayi. Ndinkafuna kudziona. Ndinalakwa."

Sanatchule telala ngakhale pang'ono, ndipo zimenezo ndi zimene zinawaimiritsa mayi Emily asanaitanidwe.

"Amayi anzanga, pepani ndalowerera. Mwanayu anapempha, inde, monga mwana amapemphera. Wokana ndinali ine. Duku ndinamanga ndine, ndi manja awa, ndikudziwa bwinobwino kuti silimangidwa. Wojambula ndi mwana wanga, ndipo ndinamuloleza ndine chifukwa cha umbuli wanga pa zamafonizi. Ndinkanyadira kolala. Ngati pali woti akhale chaka wopanda yunifomu, ndine, osati uyu."

Atatero anakweza dzanja n'kugwira mfundo ya duku lawo kuti alimasule.

"Tasiyani dukulo, amake Beverly," anatero amake Enoki. "Kuno si ku Tikitoki."

Amayi ena anaseka chogwira pakamwa, ndipo mpweya m'tchalitchimo unapepukako. Akuluakulu anayi anatuluka panja kukanong'onezana pansi pa mtengo wa mango, ndipo atabwerera amake Enoki ananena chigamulo chili chiimire.

"Munthuyu tamuphunzitsa tokha, mtima wake tikuudziwa. Koma zovala zimene zavina kale pamaso pa dziko lonse sitingazipereke kwa abusa kuti azipempherere. Zimenezo zibwere kuno, tizitsekera m'kabati. Zikapezeka zina pofika Lamulungu, zimene sizinakhudzepo thupi la munthu, avekedwa pamodzi ndi anzake. Zikapanda kupezeka, chaka chamawa chilipo." Anatembenukira kwa mayi Emily. "Ndipo kuyesa kulibe. Mwayesa kale mokwanira. Bulauzi ikakana kulowa pamaso pa mpingo, ife sitikoka."

Kuseri kwa tchalitchi, mayi Emily anatulutsa tepi m'chikwama n'kumuyeza Shuvai kawiri, paphewa, pachifuwa, m'khwapa, m'chiuno. Shuvai anangofunsa ngati masiku awiri akwana, ndipo iwo anati akwana, ngakhale mumtima ankadziwa kuti masiku si vuto. Vuto linali nsalu.

Lachisanu m'mawa anazungulira mashopu onse a nsalu m'Bindura. Yofewa ija kunalibe. Imene anapeza inali yoyera bwino koma youma, yosamvera, ya mtundu umene ukalakwitsa ndi chala chimodzi sukukhululukira. Anaichapa kuti ifupikiretu, anaiyanika padzuwa, anaisita ndi simbi yamakala chifukwa magetsi anali atapita kwawo monga mwa masiku onse. Kenako anaima ndi sizasi m'manja nthawi yaitali. Munthu amene wadula nsalu zaka makumi anayi anaopa kudula ngati wophunzira, akuyesa kukumbukira kuti Loweruka lija anamasula zochuluka bwanji m'khwapa.

Loweruka Beverly anabwera m'mawa osaitanidwa. Kusoka sadziwa, ndiye anapatsidwa ntchito youzira makala a simbi. Anauzira makalawo nkhope ili pansi mpaka mayi ake anamumvera chisoni.

"Usazitengere pamtima. Iwe unkafuna kundithandiza. Koma tandiuza, mwa anthu 40,000 aja, wabwera pano ndi nsalu ndani?"

"Hapana, mhamha. Palibe."

"Fodya wako ndi amene ali pamphuno, mwanawe. Wapachala ndi wamphepo."

Beverly anaganiza kaye, kenako mutu wake wa kuofesi unayamba kugwira ntchito, ulendo uno molunjika. Anawapempha kuti atchule aliyense amene anasoketsa yunifomu chaka chimenecho ndi mmene anawadziwira. Mayi Emily ankatchula uku akupalasa. Wa ku Mvurwi anauzidwa ndi mchemwali wake pamaliro. Awiri a ku Harare anaona nambala pagulu la Chigwirizano. Wa ku Masembura anatumizidwa ndi amake Enoki omwewo. Dzina lililonse linali ndi munthu kumbuyo kwake, munthu wodziwika, amene mawu ake amakhulupiridwa. Panalibe ngakhale mmodzi amene anabwera chifukwa choona kanema.

"Saka anthu anu anali pa Watsapu nthawi yonseyi," anatero Beverly. "Ine ndimakutengerani kumsika wa eni."

Anagwirizana pomwepo, simbi ikutentha. Tikitoki inatsekedwa, Insitagiramu inaikidwa m'manda mwaulemu. Pa Fesibuku anakanganapo pang'ono, chifukwa Beverly anaonetsa kuti pagulu la ogula ndi ogulitsa la m'Bindura anyamata a golide amafunsadi za maovolosi ndipo amabweradi. Mayi Emily anavomera kuti ovolosi ilibe mwambo, ikhoza kuonekera kulikonse. Koma yunifomu ya amayi anati izikhala pa Watsapu pokha, itapachikidwa pahang'ala, yopanda munthu mkati, ndipo duku lisamajambulidwe n'komwe. Beverly ankafuna kulemba mawu okopa pansi pa zithunzi, koma mayi ake anamukumbutsa kuti amayi ambiri a m'magulumo maso anatha, ndipo ena sukulu anangoidutsa panja. Ndiye mayi Emily anati azingolankhula okha pa mauthenga a mawu, m'Chichewa, monga ankachitira pakhomo la tchalitchi. Ndi mmene zilili mpaka lero. Mauthenga a mawu amachokera ku Chegutu, ku Kadoma, ngakhale ku Joni, oyamba ndi moni wautali ndi za odwala, miyezo n'kubwera kumapeto. Si khamu ayi, koma mipando ija siikhalanso tsiku lonse yopanda munthu.

Zonsezo zinali zam'tsogolo. Loweruka limenelo dzuwa lisanalowe, bulauzi inali itatha, mabatani asanu ndi limodzi ali m'malo mwake. Mayi Emily anaiyezanso ndi tepi ili patebulo, koma tebulo silipuma mpweya ndipo silikweza manja. Anaikulunga m'pepala pamodzi ndi siketi ndi duku latsopano, n'kumanga ndi ulusi.

Lamulungu tchalitchi cha ku Wadzanai chinadzaza, chifukwa ovekedwa anali asanu, komanso tinene zoona, ena anabwera kudzaona ngati bulauzi ilowe. Mayi Emily anakhala pabenchi yachitatu kuchokera kumbuyo, Beverly ali pambali pawo, atavala diresi yaitali imene anabwereka kwa mayi ake. Abusa anasanjika manja pa mitolo isanu ija n'kupemphera. Amayi akuluakulu anazungulira ovekedwawo ndi zitenje monga mwa mwambo, mpingo ukuimba. Mayi Emily sanaimbe. Ankangoyang'ana pamwamba pa chitenje pamene pankaoneka mutu wa Shuvai, n'kumawerenga mumtima: dzanja loyamba, dzanja lachiwiri, batani loyamba. Anaona amake Enoki atawerama, akuchedwa.

Zitenje zitatsitsidwa, Shuvai anaima pakati pa anzake, bulauzi itatsekeka mpaka pakhosi. Kunatsala maduku. Amake Enoki anamanga la woyamba, la wachiwiri, la wachitatu, la wachinayi. Atafika pa Shuvai anaima, duku lili m'manja, n'kuyang'ana kumbuyo kwa tchalitchi.

"Amake Beverly, tabwerani kuno. Manja anu anafulumira tsiku lija. Lero ndiye tsiku lake."

Anayenda pakati pa mabenchi mpaka kutsogolo. Analandira duku, analipinda, n'kuliika pamutu pa Shuvai. Pomanga mfundo kumbuyo anayandikira, ndipo diso la telala silinama: pansi pa phewa lamanja nsalu inali itakokeka, msoko uli njo. Anaphonya ndi chala chimodzi. Mpingo sukanaona, koma wovalayo ankamva ndithu pa mpweya uliwonse. Zinawapweteka, ndipo ananong'oneza kukhutu kwake.

"Ikukuthina m'khwapa, mwanangu. Ubwere nayo mawa ndidzamasule."

Shuvai sanatembenuke. Misozi inali ikutsika mpaka pakolala, koma anayankha momveka, m'Chichewa chopanda chilema.

"Musaikhudze, amayi. Ndi yanga."